G5 ikunama heading pa 182 ngakhale calibration inadutsa

Spana 7/16, Lachiwiri 18:40
Akuluakulu, madzulo abwino. Ndabwera ndi mutu waukulu. Sabata yatha tinachotsa ma gyro a vacuum pa Cessna 182 ya kasitomala wathu n'kuikapo ma G5 awiri, zipangizo zamagetsi zoonetsa kapendekedwe ka ndege (attitude) ndi komwe mphuno yaloza (heading). Magnetometer yake, kachipangizo komva maginito a dziko kotchedwa GMU 11, tinaimanga m'phiko la kumanja, chakunsonga. Calibration tinapanga Lachisanu, inadutsa ulendo woyamba womwe, ine n'kusaina mtima uli m'malo. Lero a Kaputeni abwerako ku Likoma nkhope ili gwaa, akuti heading ikunama. Kwina ikuchulukitsa, kwina ikuchepetsa, ndipo akayatsa nav lights nambala ikudumpha. Ndege ikufunika Lachisanu m'mawa. Ndisanamasule chilichonse ndati ndimve kaye kwa inu.

Wa ku Lanseria, 18:52
Achimwene, yambani mwaona variation, kusiyana kwa true north ndi kumpoto komwe kampasi imaloza. Kuno ku Joni ili pafupi ndi madigiri 20 kumadzulo ndipo imasuntha chaka ndi chaka. Database ya GPS ikakalamba manambala amayamba kusiyana. Ine ndikanayambira pamenepo.

Madala a Avionics, 19:05
Ayi achimwene a ku Joni, mbali imeneyo tiisiye kaye. Magnetometer sidziwa za variation, imangomva maginito a dziko pomwe ili n'kunena komwe mphuno yaloza. Variation imalowa pokhapokha wina akuyerekeza ndi true north. Komanso ikanakhala imeneyo bodza likanakhala lofanana mbali zonse, osati kwina kuchuluka kwina kuchepa.

A Kaputeni muli pagulu pano, tiuzeni nokha. Mumayerekeza ndi chiyani? Ndipo pa HSI, G5 yoonetsa kampasi ija, pamalembedwa heading kapena inabwerera ku TRK, track ya GPS?

Kaputeni wa 182, 19:20
Zikomo madala. Inali pa heading, sinagwere ku TRK. Popita, track ya GPS inali cha m'ma 030, G5 ikuti 042. Ndikudziwa muti mphepo, ndipo n'zoona mwera unalipo, unkandikankha kuchokera kumanja pamwamba pa nyanja. Koma ndinawerengera: mphepo yam'mbali ya ma knot 15 pa liwiro la 130 imapereka madigiri 7, osati 12. Chomwe chinandikhutiritsa ndi runway. Nditaima bwinobwino pa mzere wa runway 14 m'mawa, G5 inaposa nambala ya mu AIP, buku la boma lofotokoza mabwalo a ndege, ndi 4. Pobwera ndinapempha 32 dala, apo inaperewera ndi 6. Pansi palibe mwera wonamizira.

Za magetsi, ndinayatsa nav lights polowa mu utsi wa moto wolusa cha ku Nkhotakota, heading n'kusuntha ndi 5 kapena 6 ndege ili phee. Ndazimitsa, yabwerera.

Madala a Avionics, 19:31
Ameneyu ndiye pilot. Ena amangoti “kampasi yafa” basi.

A Spana, mafunso anayi, muyankhe mosabisa. Calibration munapangira pati? Ndege munaiika pa levulo musanapange pitch ndi roll offset, youza G5 kuti chogona n'chiti? Interference test, yoona ngati magetsi ndi zitsulo zoyenda za ndege zikusokoneza magnetometer, munapanga? Ndipo north munaipeza ndi chiyani?

Spana 7/16, 19:48
Ndiyankha moona madala, ngakhale zikuchititsa manyazi. Tinapangira pa konkire ya kutsogolo kwa hangala, chifukwa kupempha malo kwa a tower Lachisanu masana kunali kuchedwa. Levulo tinaika, ndinaphwetsa pang'ono tayala lakutsogolo mpaka thovu linakhala pakati, malo oikapo levulo ndinatenga mu maintenance manual. Interference test sindinapange, ndinati ndipanga Lolemba, Lolemba ndege inali itapita kale. North tinaipeza ndi foni ya mnyamata wanga.

Mayi QA, 19:50
Foni.

Spana 7/16, 19:51
Ndamva amayi.

Madala a Avionics, 20:14
Kuthamanga sikufika, koma poti mwanena zoona tithandizana. Konkire ya kutsogolo kwa hangala ndi yoti idutsepo bowser ya mafuta, ndiye mkati mwake muli zitsulo za Y12 ndi waya wa BRC, mwinanso chivundikiro cha ngalande chachitsulo. Chitseko cha hangala nachonso ndi chitsulo chokhachokha. Tsono ganizirani izi. Mapiko a 182 kuchokera nsonga kufika nsonga ndi mamita 11. Magnetometer ili chakunsonga, ndiye pamene inu mukuzungulira pamalo amodzi iyo ikuyenda bwalo la mamita pafupifupi 10 m'mimba mwake. Mphuno ikaloza kumpoto ili pamwamba pa ngalande, ikaloza kum'mawa yayandikira chitseko, ikaloza kum'mwera ili pa udzu. Kachipangizoko sikadziwa kuti chitsulo ichi n'cha ndege, ichi n'cha pansi. Kamaphunzira zonse ngati za ndege, n'kuzinyamula kupita nazo ku Likoma.

Mawu oti calibration yadutsa amangotanthauza kuti manambala omwe inatola anagwirizana mokwanira. Satanthauza kuti malowo anali abwino.

Mawa musamasule kanthu. Ikokereni pa udzu kutali ndi nyumba, injini ikulira, mawailesi oyaka, nav lights zozima, mutipatse zomwe G5 ikuwerenga pa mbali 8. Ndikufuna ndione maonekedwe a bodzalo lisanasokonezedwe.

Spana 7/16, Lachitatu 09:35
Mwadzuka bwanji nonse. Tapanga. Kampasi ya m'manja yomwe ndabwereka ifika masana, ndiye pakadali pano tayerekeza ndi foni yomwe ija, mnyamata ataima kumbuyo kwa mchira mamita 20 akuyang'ana mzere wa ndege. Nambala yoyamba ndi ya foni, yachiwiri ya G5.

000 ikuti 001
045 ikuti 051
090 ikuti 098
135 ikuti 142
180 ikuti 185
225 ikuti 227
270 ikuti 268
315 ikuti 312

Madala a Avionics, 10:10
Eya, apa ndiye yayamba kulankhula. Tiwerengere limodzi kuti achinyamata aone, si ufiti.

Kusiyana kwake ndi +1, +6, +8, +7, +5, +2, -2, -3. Phatikizani zonse mupeza 24, gawani ndi 8 mupeza 3. Ameneyo ndi coefficient A, bodza lokhala mbali zonse mofanana. A amabwera chifukwa chipangizo chamangidwa chokhota, kapena chifukwa choyerekezera chanu ndicho chikunama. B ndi za kum'mawa kuchotsapo za kumadzulo, kugawa pawiri: 8 kuchotsa -2 ndi 10, theka lake 5. C ndi za kumpoto kuchotsapo za kum'mwera, kugawa pawiri: 1 kuchotsa 5, theka lake -2.

Tsopano jambulani manambalawo papepala. Akukwera mpaka kum'mawa, akutsika mpaka cha ku 315, n'kuyambanso kukwera. Linunda limodzi pa kuzungulira kamodzi. Linunda limodzi ndi chizindikiro cha chitsulo chomwe chili ndi maginito akeake, choyenda ndi ndege, chokokera mbali imodzi nthawi zonse. Chitsulo chofewa, chongobwereka maginito a dziko, chimapanga malinunda awiri, ndipo pa manambala anuwa gawo limenelo ndi digiri imodzi yokha, silikundidetsa nkhawa.

Chondizunguza n'chakuti calibration ntchito yake yeniyeni ndi kuchotsa linunda limodzili. Konkire ingathe kulisiya, inde, koma 5 yosalala chonchi imandikumbutsa chinthu chomwe chinabwera pambuyo pa calibration. Chinamangidwa n'chiyani pafupi ndi magnetometer mutamaliza?

Spana 7/16, 10:16
Palibe madala. Titamaliza tinangoikokera mkati.

Wa ku Lanseria, 10:19
Za A ija. Iwe mwana, tatsegula settings za kampasi pafoni yako. Use True North ndi yoyaka?

Mwana wa Hangala, 10:24
Ndi yoyaka bwana.

Wa ku Lanseria, 10:27
Ndiye variation yanga ija yabwera ndithu, kungoti yalowera kukhomo lakuseri! Foni ikupereka true, G5 ikupereka magnetic, variation ya kwanuko ndi madigiri owerengeka kumadzulo, G5 iyenera kuoneka ngati yachulukitsa. Madala, mundibwezere ulemu wanga.

Madala a Avionics, 10:33
Ndabweza, theka. Ndipo a Kaputeni anatipatsa kale umboni dzulo. Pa 135 a Spana apeza +7, pa 315 apeza -3. Chotsanipo 3 mupeza +4 ndi -6, ndendende zomwe anaona pa runway 14 ndi 32. Ndiye A si wa ndege, ndi wa foni. Bulaketi musaikhudze. Tatsala ndi linunda lija ndi magetsi.

Mwana wa Hangala, 10:52
Akuluakulu pepani kulowerera. Bwana Spana, mwina mwaiwala chifukwa munaitanidwa ku ofesi. Tikupanga calibration chivundikiro cha pansi pa phiko, pomwe pali GMU, chinali chosatseka. Munati tisiye choncho kuti ikakanika tisavutike kumasulanso. Itadutsa munandiuza nditseke. Masikuluwu omwe tinachotsa awiri anali okutha mitu, ndiye ndinakatenga atsopano onse mu kabati, otuwa mwachikasu aja. Ndinamanga ndi sikuludiraiva yanga ya maginito kunsonga chifukwa pomanga chagada amagwa.

Spana 7/16, 10:55
Mayo ine.

Mayi QA, 10:58
Mwanawe wachita bwino kunena. Wina asamukalipire, wolakwa si iye yekha. Amene anati chivundikiro chikhale chotsekula ndi amene anasaina.

Madala a Avionics, 11:20
Linunda lathu ndi limenelo. Otuwa mwachikasuwo ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi cadmium. Sikuluwu iliyonse yomwe yakhudzana ndi nsonga ya maginito ija yatenga kamaginito kake, ndipo onse akhala mozungulira magnetometer patali ngati chikhatho. Calibration sinawaonepo chifukwa panthawiyo anali mu kabati.

Mphwanga, phunzira kuwerenga nambala ya pa paketi. Pa MS24693, mwachitsanzo, S ndi chitsulo wamba, C ndi chosachita dzimbiri. Koma usakhulupirire chilembo chokha. Stainless ya gulu la 300 kawirikawiri simamatira maginito, komabe ikapanikizidwa kwambiri popanga imatha kukoka pang'ono, ndipo ya gulu la 400 imamatira ngati msomali. Yesa imodzi imodzi pa benchi, kutali ndi ndege. Yomwe yangogwedera ndi maginito ibwerere mu kabati. Maginito oyeserawo asafike kuphiko ngakhale pang'ono, ungachize nthenda imodzi n'kubzala ina.

A Spana, suzumiraninso ma nutplate, manati okhomeredwa pa phiko omwe masikuluwu amalowamo. MS21047 ndi chitsulo wamba, MS21048 ndi chosachita dzimbiri. Ngati omwe alipo ndi achitsulo wamba ndipo masikuluwu a maginito akhalamo masiku asanu, nawonso mwina atengera. Dutsani pamenepo ndi kampasi ya m'manja masikuluwu atachoka, muone ngati singano ikugwedezeka.

Kaputeni wa 182, 11:34
Nanga za magetsi zija? Masikuluwu sayaka ndikayatsa switch.

Madala a Avionics, 11:41
Imeneyo ndi nthenda yachiwiri, ndipo ndi yomwe interference test ikanagwira Lachisanu. A Spana, poti chivundikiro mukuchitsekula kale, yang'anani waya wopita ku babu lobiriwira la kunsonga. Wadutsa patali bwanji ndi GMU, ndipo earth yake yamangidwa pati?

Spana 7/16, 13:15
Ndatsekula. Waya wa nav light ndi umodzi wokha, wadutsa mu grommet ya pa rib yomwe tamangapo bulaketi, ndayeza ndi tepi, masentimita 10 kuchokera pa GMU. Earth yamangidwa pa rib yomaliza ya kunsonga, magetsi amabwerera kudzera m'thupi la phiko. Babu ndi lachikale la filament. Ndaika clamp meter, likukoka ampeya imodzi ndi pang'ono.

Ma nutplate ndayesa ndi kampasi yomwe yafika. Asanu ndi mmodzi ali chete, awiri akukoka singano mooneka ndithu.

Wa ku Lanseria, 13:40
Apa ndilipire ngongole ya dzulo ndi masamu. Waya wowongoka wonyamula ampeya imodzi umapanga maginito a 2,000 nT (nanotesla) pa mtunda wa masentimita 10. Mbali yogona ya maginito a dziko, yomwe kampasi imadalira, kwanuko ndi cha m'ma 20,000 nT. Chimodzi mwa magawo khumi chikakankha cham'mbali chimapotoza ndi madigiri pafupifupi 6. A Kaputeni anati 5 kapena 6. Ndatha ine.

Kusuntha waya wokha sikuthandiza kwambiri. Mukautalikitsa kawiri mphamvu imangotsika ndi theka, ndiye pa masentimita 20 mukadali ndi madigiri 3, ndipo m'phiko mulibe malo othawira. Chothandiza n'chakuti magetsi opita ndi obwerera ayende limodzi, mawaya awiri opotana ngati chingwe cha khonje. Wina akukankhira uku mnzake akukankhira uko, zimafafanizana. Earth ichoke pa rib ya kunsonga, ibwerere ndi waya wake mpaka kutali ndi GMU chakumizu kwa phiko, ndipo muonetsetse kuti chotengera babu sichikugundanso thupi la phiko kumbali, apo ayi magetsi adzasankha njira yakale. Mwini ndege akakhala ndi ndalama muuzeni za nyali za LED, zimakoka pang'ono, koma zimenezo n'za tsiku lina ndi mapepala ake.

Mayi QA, 13:58
Mapepala ake, zikomo mwanena nokha. A Spana, musanadule waya mundibweretsere tsamba la installation manual ya STC (chilolezo choikira G5 pa ndege) lonena za mtunda wa magnetometer ndi mawaya a magetsi, ndi gawo la AC 43.13-1B (buku la kakonzedwe ka ndege la FAA, bungwe loona za ndege ku America) lomwe mutsatire pa gauge ya waya ndi kamangidwe kake. Kusintha ma nutplate ndi ntchito ya ma rivet pa phiko, ikhale ndi task card yakeyake. Ndipo ntchito ya Lachisanu inasainidwa test imodzi isanapangidwe. Zimenezo tilemba lipoti lamkati, osati kuti tikupachikeni, koma kuti checklist yathu ikhale ndi mzere woti zivundikiro zonse zatsekedwa calibration isanayambe. Panopa mzerewo palibe, ndaona.

Spana 7/16, 14:03
Ndavomera amayi. Ndibwera nazo 3 koloko.

Mwana wa Hangala, 14:20
Madala ndifunse nawo. Levulo ija imakhudza bwanji kampasi? Ine ndimaganiza kuti ndi ya attitude yokha.

Madala a Avionics, 14:49
Funso labwino, safunsa anadya phula. Mizere ya maginito a dziko siyenda chogona ngati madzi a m'mbale. Kuno imatuluka pansi chopendekeka, pafupifupi madigiri 50, ndiye mbali yake yoimirira ndi yamphamvu kuposa yogona. Chipangizo chimayenera kudziwa kuti “chogona” n'chiti kuti chipatule mbali yogonayo. Chikalakwitsa ndi digiri imodzi, mbali yoimirira imadonthera mu yogona, heading n'kupotoka ndi digiri imodzi ndi kakutiyakuti pa mbali zina. Kwa anzathu a ku Joni kupendekeka kumaposa 60, digiri imodzi imabala pafupifupi ziwiri. N'chifukwa chake dongosolo limayamba ndi levulo, kenako offset, kenako magnetometer. Ukasintha choyamba, zotsatira zonse ubwereze.

Nkhani yomweyi ndi imene imavutitsa kampasi yamadzi ija ya pa windscreen. Ndege zambiri kuno zinachokera ku America, ndipo zina zimabwera ndi kampasi yolinganizidwira kumpoto kwa equator. Ikafika kuno khadi lake limapendekeka, nthawi zina mpaka kukhula m'mbali. A Spana, yanu ija muione pa label ngati ndi ya southern hemisphere.

Kaputeni wa 182, 14:57
Ndi ya kum'mwera, inasinthidwa ndege itangofika. Koma khadi lake lolembapo momwe imanamira mbali iliyonse lili ndi deti lakalekale, ndipo kuyambira pomwe munachotsa ma gyro ndikuona ngati nayo yasintha khalidwe.

Madala a Avionics, 15:02
Iyenera kusintha. Mwachotsa zitsulo mu panel, mwaikamo mawaya atsopano. Swing yake, kuzunguza ndege mbali zonse n'kukonza kampasiyo, ipangidwe tsiku lomwelo, khadi latsopano.

Spana 7/16, 17:45
Waya watheka, awiri opotana, earth yasamukira mkati. Ma nutplate awiri aja ndasintha, enawo ndawasiya poti ali chete. Masikuluwu onse adutsa pa benchi. Mnyamata wapeza atatu mu paketi ya stainless omwe amakoka pang'ono, tawachotsa. Chatsala ndi malo. Compass rose (bwalo lojambula pansi loyeserapo kampasi) yoti ndingaidalire ndilibe. Ndipange bwanji?

Kaputeni wa 182, 17:50
Tiyeni nayo kunyanja, mabwalo a kumeneko kulibe hangala, kulibe konkire, kuli mbuzi zokha.

Madala a Avionics, 18:22
A Kaputeni mukufuna chambo, nenani. Mchenga wakuda wa ku Senga Bay munauyesapo ndi maginito? Umamatira ngati nyerere pa shuga, muli magnetite ndi ilmenite. Sindikuti bwalo lililonse la kunyanja ndi loipa, ndikuti malo sadziwika ndi maso, ngakhale atakhala tchire. Komanso simuuluka ndi ndege yomwe kampasi yake sinasainidwe.

A Spana, a FAA mu AC 150/5300-13 yakale ankati malo oyesera kampasi akhale mamita 90 kuchokera ku mawaya a magetsi ndi a mafoni, a m'mwamba ndi okwiriridwa omwe, komanso ku ndege zina, ndi mamita 180 kuchokera ku zinthu zikuluzikulu monga nyumba, njanji ndi mawaya a magetsi amphamvu. Pabwalo la ndege choiwalika ndi mawaya a nyali za runway ndi taxiway, ali pansi pa udzu womwe ukuoneka wosalakwawo. Funsani a magetsi a pabwalo akuuzeni pomwe anadutsa.

Mukasankha malo, ayeseni. Khomani zikhomo zamtengo, osati zachitsulo, chimodzi pakati, zina kuzungulira pa mtunda woposa pomwe nsonga ya phiko idzadutse. Imani pakati muwerenge bearing ya chikhomo chakunja, pitani pa chakunjacho muwerenge yobwerera. Zisiyane ndi 180 ndendende. Pomwe zakana, pansipo pali kanthu. Wogwira kampasi asiye foni, makiyi, wotchi, lamba wa chitsulo ndi nsapato za safety boot m'galimoto, ndipo galimotoyo iime kutali. Ndinaonapo munthu akulimbana ndi digiri imodzi ndi theka m'mawa wonse, kumapeto n'kupeza kuti ndi mafelemu a magalasi ake a maso.

Wa ku Lanseria, 18:30
Onjezani: chiwongolero chikhale pakati nthawi yonse, flap m'mwamba, towbar ichoke. Ndipo pa interference test musaiwale kuyendetsa aileron mbali zonse, zingwe zake ndi zachitsulo ndipo zimatha kukhala ndi maginito.

Spana 7/16, Lachinayi 11:50
Akuluakulu, lipoti.

Tinayamba 6 koloko mphepo isanadzuke. Mu hangala tinabwereza levulo ndi pitch ndi roll offset. Interference test ndinatsata mndandanda wa m'buku, chilichonse nthawi yake: aileron, elevator, rudder, flap, nav lights, strobe, landing light, pitot heat, kulankhula pa wailesi. Yadutsa. Pa nav lights pomwe ndimaopa, nambala yangogwedera pang'ono. Chomwe chakankha kwambiri pa zonse ndi aileron ikafika kumapeto kumanja, koma ili mkati mwa malire.

Malo oyamba omwe tinasankha tinawakana. Bearing yopita ndi yobwerera zinasiyana ndi 183 pa chikhomo chimodzi, mnyamata atafukula ndi phazi anapeza chidutswa cha paipi yakale ya mpanda. Tinasunthira mamita 40, apo zonse zinagwirizana mkati mwa theka la digiri. Tinakoka chingwe cha kumpoto ndi kum'mwera, a Kaputeni n'kuimika ndege pa chingwecho, injini ikulira, zivundikiro zonse zotseka, ndinazungulira ndekha kawiri kuziona. Kenako kutsata zomwe G5 ikunena, kukhotera kumanja pang'onopang'ono, ikati imani timaima, mpaka bwalo latha.

Poyerekeza ndi kampasi ya m'manja pa madigiri 30 aliwonse, kusiyana kwakukulu ndi 2, pa 120 ndi pa 300. Kwina konse 1 kapena 0. Nav lights zoyaka ndi zozima, chimodzimodzi.

Madala a Avionics, 12:04
Ziwiri zimenezo zili moyang'anizana, 120 ndi 300. Zili mbali imodzi, zonse kuchepa?

Spana 7/16, 12:06
Zonse kuchepa.

Madala a Avionics, 12:12
Ndiye ndi malinunda awiri aja, chitsulo chofewa, mwina ma nutplate otsalawo kapena bellcrank. Zisiyeni, musazithamangitse. Nanga yamadzi?

Spana 7/16, 12:31
Imeneyo inatidyera ola. Inali ikunama ndi 9 kum'mawa, a Kaputeni sananame. Ndinatsata zakale: kumpoto kuchotsa bodza lonse ndi sikuluwu ya N-S, kum'mawa lonse ndi ya E-W, kum'mwera theka, kumadzulo theka. Sikuludiraiva ya mkuwa tinalibe, ndinasula kuchokera ku kandodo ka brazing ndi fayilo. Yatsala ndi 4 pomwe yanama kwambiri, malire ndi 10. Landing light ikayaka imasuntha ndi 3, ndalemba pakhadi.

Mayi QA, 12:40
Khadi likhale ndi mbali 12, madigiri 30 aliwonse, lilembedwe kuti mawailesi anali oyaka, deti, malo, ndi nambala ya laisensi yanu. Mu logbook mulembe serial ya kampasi ya m'manja yomwe mwabwerekayo ndi deti lomwe inayesedwa komaliza. Ngati mwini wake alibe satifiketi yake mundiuze panopa, osati 4 koloko.

Spana 7/16, 12:44
Ali nayo, wanditumizira chithunzi, ndakuponyerani ku inbox.

Kaputeni wa 182, Lachisanu 10:05
Ndafika ku Likoma. Ponyamuka, pa runway 14 inaposa AIP ndi 1. M'njira ndinayatsa ndi kuzimitsa nav lights katatu ngati mwana wapeza switch, siinasunthe. Mphepo yomwe ndawerengera pa heading ndi track lero ikugwirizana ndi ya pa forecast.

Mwana wa Hangala, 10:12
Bwana Spana, nanga sikuludiraiva yanga ija mubweza liti? Ndinagula ndi ndalama zanga.

Spana 7/16, 10:15
Ili mu drawer yanga, ndaikulunga tepi yofiira. Ukaifuna pomanga mipando ubwere udzasainire. Ya mkuwa ija tenga ndi yako, koma uisalaze kunsonga, ndinasula mothamanga.